Mfundo ya pa Paipi Nambala 27

9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndiponso kuti maso aja akupezako bwino. Ine kuno ndili bwino. Moni kwa azakhali amene akukuwerengerani kalatayi. Azakhali, amuna anu ali bwino, anenepako pang'ono. Mundikhululukire ngati zilembo zapendama, ndikulembera pabondo chifukwa m'chipinda chimene ndapeza mulibe tebulo.

Ntchito ndinayamba Lolemba lapitalo. Amalume ananditenga okha kukandionetsa kwa abwana a ozimitsa moto. Abwanawo atandifunsa dzina, mawu anandithawa, mpaka amalume ndiwo anandiyankhira. Kuyambira pamenepo onse akunditchula Namanyazi. Amalume nawonso ali ndi lawo, kuno ndi a Dazi. Musakwiye azakhali, eni ake amavomera.

Ntchito yanga ndi ya mapaipi. Musaganize za kapaipi kothirira maluwa. Awa kunja ndi nsalu yokhakhala, mkati ndi labala, ndipo mbali zonse ziwiri ali ndi mitu yachitsulo yolumikizira. Galimoto ikabwerako kumoto amawaunjika pabwalo ali matope ndi mwaye okhaokha. Ine ndimawatambasula, kuwakwecha ndi bulashi, kuwakoka ndi chingwe kuti alendewere pansanja mpaka aume, kenako kuwakulunga n'kuwaika pashelefu. Bambo amene ankagwira ntchitoyi anachoka ine ndisanafike, choncho zambiri ndikuphunzira ndi maso.

Amalume anandiyendetsa mozungulira galimoto n'kundionetsa kuti mapaipi sali ofanana. Ilipo yowonda yokulungidwa pagudumu, yomwe munthu mmodzi amangokoka n'kuthamanga nayo. Imeneyo ndi ya moto waung'ono, monga zinyalala kapena galimoto ikayaka. Ilipo yapakati, yomwe anthu awiri amalowa nayo m'nyumba yoyaka. Yaikulu silowa m'nyumba, ikadzaza madzi munthu sangainyamule. Ntchito yake ndi kubweretsa madzi kuchokera pampope wa mumsewu kufika kugalimoto. Ndiye pali yakuda yolimba, yoyamwira madzi padamu kapena mumtsinje, yomwe siphwafuka. Ndinafunsa motsitsa mawu kuti bwanji osangotenga yaikulu nthawi zonse. Anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, udzudzu saphera nkhwangwa, ndipo mtengo sadulira lezala. Ukafika pamoto umayamba wayang'ana, kenako n'kusankha."

Pali mnyamata wina wamtali ngati mzati wa magetsi, amamutchula Chimtali. Akandiona amati, "Namanyazi, lero tamvako mawu ako? Kapena unawasiya pabasi?" Ine ndimangoseka chakumbali.

Mankhwala a m'maso ndapereka kwa dalaivala wa basi. Muzidontheza kawiri patsiku, musamadumphitse.

Ine mwana wanu.


16 Malichi

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndinalandira ndipo ndinasangalala kumva kuti mukutha kulowetsa ulusi pasingano kunja kukawala. Ine ndili bwino, kungoti m'manja mwang'ambika chifukwa cha madzi ndi sopo. Azakhali, zikomo polemba zilembo zikuluzikulu, ndinawerenga popanda vuto.

Tsopano ndadziwa kukulunga paipi monga afunira kuno. Umaipinda pakati, n'kuyambira popindapo, kuti mitu yonse iwiri ithere kunja. Akafika pamoto munthu amagwira mituyo n'kuponya mkulungowo, ndipo umatambasuka wokha mumsewu. Chimtali anandiyesa. Anatenga umodzi mwa yanga, anauponya pabwalo, unayenda mowongoka mpaka kukhoma. Anati, "A Dazi, mwana uyu munamutola kuti? Ine mayi anga sapinda chonchi ngakhale malaya a tchalitchi." Abwana nawo anaima pashelefu nthawi yaitali akuyang'ana, n'kuuza amalume kuti, "Mwatibweretsera munthu. Uyu ngakhale ntchentche itatera papaipi aiona." Amayi, ndinathawira kuseri kwa nsanja chifukwa cha manyazi, koma mumtima ndinali wokondwa. Ndinakumbukira muja munkandibweza kukachapanso kolala ya yunifolomu.

Lachitatu kunali moto waukulu pamalo ena osungira matayala akale. Anabwerako onse ali bii, n'kungotaya mapaipi mulu umodzi. Ndinagwira masiku awiri. Paipi ina yapakati, nambala 27 (iliyonse ili ndi nambala yake yolembedwa ndi penti), ndinaipeza ili ndi chimfundo chakumapeto, ngati mmene mumamangira pakamwa pa thumba. Ndinati mumtima, anyamata awa kusasamala kwake, paipi mpaka kumangika chonchi! Inali yolimba moti ndinathyoka chikhadabo cha chala chachikulu. Kenako ndinalowetsa mpini wa tsache n'kumatembenuza mpaka inamasuka. Ndinafuna kufunsa amalume kuti inamangika bwanji, koma anali atapita kukapuma masiku awo atatu, ndipo enawo ndinachita nawo manyazi. Ndinaitsuka kawiri, pomwe panali mfundopo ndinapapondereza ndi thabwa kuti makwinya athe. Itauma inaoneka ngati yatsopano. Palibe angadziwe kuti inamangikapo.

Sopo kuno wakwera mtengo, koma ndakusungirani mitanda iwiri pamodzi ndi bulangete. Denga lija lisadikire mvula ina, mupeze munthu aike lata pomwe pakudonthapo. Nkhuku yakuda ija musaigulitse, imaikira bwino.

Ine mwana wanu.


6 Epulo

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine m'thupi ndili bwino. Azakhali, musadzidzimuke ndi zomwe ndilembe, amalume sanavulale.

Lachinayi masana kunayaka nyumba yopaliramo matabwa. Ine sindipita kumoto, zimenezi ndamva kwa omwe anapita. Atafika anaona kuti moto wakula, paipi yowonda ija singathandize. Anayala yaikulu kuchokera pampope, n'kulumikiza zapakati zitatu kuti zifike mkati. Chimtali ndi mnzake ndiwo analowa nayo. Amalume anali papampu, poti ndiwo amatsegula ndi kuwonjezera mphamvu ya madzi. Atangowonjezera mphamvu, paipi imodzi inaphulika pafupi ndi khomo. Madzi onse anathera panja. Awiri aja mkatimo anatsala ndi paipi yopanda kanthu, moto uli pamwamba pawo. Mnzakeyo ndiye anamukoka Chimtali mpaka panja. Wapsa manja onse awiri ndi khosi. Ali kuchipatala, akuti achira.

M'mawa mwake abwana anatiimika tonse pabwalo, paipi yophulikayo ili pansi patsogolo pathu. Inali nambala 27.

Anafunsa kuti, "A Dazi, iyi si ija inapondedwa ndi lole kumatayala?"

Amalume anati, "Ndi yomweyo, bwana. Ndinaiona ikuchucha. M'buku sindinalembe, ndinatopa, limenelo ndikuvomera. Koma mfundo ndinamanga ndi manja angawa."

Amayi, kuno kuli lamulo lomwe palibe anandiuza, chifukwa aliyense ankayesa kuti ngakhale mwana amalidziwa. Paipi ikawonongeka kumoto sakhala ndi nthawi yolemba. Amangoimanga mfundo chakumapeto. Mfundo imeneyo imanena kuti paipiyi isakwerenso galimoto. Ine ndinamva zimenezi tsiku limenelo, nditaimirira pabwalo pomwepo.

Abwana anatembenukira kwa ine. "Namanyazi, iwe ndiwe unatsuka. Unaonapo mfundo?"

Amuna khumi ndi awiri onse maso pa ine. Ndinayang'ana nsapato zanga. Mutu wanga unapukusa, sindikudziwa kuti unapukusa bwanji.

Abwana anati, "Ngati uyu sanaione, ndiye kuti panalibe."

Amalume anandiyang'ana, osati mokwiya ayi. Kenako anayang'ana manja awo.

Sindikudya bwino masiku ano, mwina ndi kuzizira komwe kwayamba. Bulangete lija ndatumiza. Ndilekere pomwepa, inki ikutha.

Mwana wanu.


4 Meyi

Okondedwa Amayi,

Moni nonse. Ndamva kuti denga analikonza, ndathokoza. Ine ndilipo.

Azakhali, mwafunsa kuti bwanji amalume sakulemba. Ali bwino m'thupi. Anawachotsa pagalimoto podikira kuti akuluakulu agamule nkhani ija. Panopa amakhala pakatebulo pafupi ndi geti, kuyankha foni ndi kulemba amene alowa. Belu la moto likalira amadzambatuka, amathamanga masitepe awiri atatu, kenako amakumbukira n'kubwerera kukakhala. Galimoto ikamatuluka ndiwo amatsegula geti. Ine nthawi imeneyo ndimayang'ana kumbali.

Dzana anabwera kunsanja ndikuyanika, anandigwirira chingwe. Kenako anati, "Mwanawe, ndikatsinzina ndimawaona manja angawa akumanga mfundo ija. Ndimaona ndi pomwe ndinaima. Koma mwina ndikukumbukira paipi ina ya chaka china. Zaka 26 ndamanga mfundo zambiri. Iwe ndi maso akowo sukanailumpha. Kukalamba kumabwera chonchi, sikugogoda." Ndinatsegula pakamwa. Iwo anadikira. Ndinawafunsa ngati amwa tiyi.

Lamlungu ndinapita kuchipatala kukaona Chimtali, ndinamutengera malalanje. Manja ali m'mabandeji mpaka m'zigongono, anesi ndiwo amamumwetsa madzi. Koma pakamwa sipanapse. Anati, "Namanyazi, adokotala akuti khosili likapola lidzakhala ngati la nkhuku ya kameta. Udzandilolabe?" Odwala ena onse anaseka. Kenako Chimtali anasiya nthabwala n'kunena kuti, "Mdala uja ndiye anandiphunzitsa kugwira paipi, kuti usamalimbane nayo, uziitsamira. Sindikumusungira mangawa. Koma akanangonena kuti ndinaiwala." Ndinamusendera malalanje onse anayi, n'kuchotsa ndi timaulusi toyera tonse, n'kubwerera.

Tsopano ndikapeza paipi ya mfundo ndimaiika pambali kuseri kwa chitseko. Mwezi uno ndapeza ziwiri.

Amayi, makalata anga akale musavutike n'kusunga, amangoitana mphemvu. Mukamva zomwe zilimo, kolezerani moto. Onse, ndi oyambirira omwe.

Ine mwana wanu.


22 Juni

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani ndakhalitsa osalemba.

Pomwe kalatayi izifika, amalume adzakhala atafika kale. Akuluakulu analemba kuti apume pantchito nthawi isanakwane, chifukwa ayamba kuiwala zinthu zomwe zingaphetse anzawo. Anasaina osatsutsa. Anthu ena akamapuma kuno, anzawo amaima mizere iwiri pabwalo ndipo magalimoto amawalizira. Iwo anatuluka Lachiwiri m'mawa ndi chikwama chimodzi, geti anadzitsegulira okha.

Asanatuluke anandipeza pabwalo ndikukwecha. Anandipatsa magolovesi awo akale kuti manja asamang'ambike. Anati, "Iwe khala. Mwa ife awiri, wosamala ndi iwe. Amayi ako akudalira iwe, usandichititse manyazi kawiri." Kubasi sindinawaperekeze, kunali mapaipi ambiri.

Magolovesiwo ndi aakulu, sindinawavale. Ali pansi pa pilo.

Azakhali, amalume sakonda tiyi wa shuga wambiri masiku ano. Bondo lakumanzere limawavuta kukazizira koma sanena. Muziwafunditsa.

Mankhwala ena a m'maso ndidzatumiza mwezi wamawa.

Mwana wanu.


3 Ogasiti

Amayi, ndi inu azakhali,

Envelopu yafika dzulo. Ndaiwerenga ndili chiimire pakhomo.

Amayi, mwati mlongo wanu sali monga kale. Mwati akatseka chitseko amabwerera katatu kukachigwedeza. Mwati anabweza makiyi a kutchalitchi omwe anawapempha kuti azisunga, akuti mutu wawo sukudalirika. Mwati akamangirira mbuzi amaitana akazi awo kuti adzaone ngati amangadi. Ndawerenga pamenepo kangapo.

Mkati mwa kalata yanu munali ina yopindidwa kanayi. Ndinazindikira zilembo zanga ndisanaitambasule. Ndi ija ya pa 16 Malichi.

Azakhali, ndaona mawu omwe mwalemba m'munsi ndi pensulo, omwe sanachokere pakamwa pa amayi: "Iyi sindinakolezere moto. Amalume ako sindinawaonetse."

Ndiye kuti mwakhala mukudziwa kuyambira mu Epulo. Munawerenga nambala ija kawiri ndi pakamwa panu. Ndipo mwakhala mukundilembera moni wa amayi mwezi ndi mwezi, ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndisavutike.

Ndamva.

Mwana wanu.


12 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Azakhali, musanapitirire, chonde itanani amalume adzakhale pompo. Ngati ali kumbuzi adikireni. Kalatayi muwerenge monga ndalembera, musadumphe pena pondimvera chisoni.

Lolemba ndinaima pakhomo pa ofesi ya abwana ndi kalata ija m'thumba, ndinabwerera. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anandiona n'kufunsa ngati sopo watha, ndinati eya. Lachisanu m'mawa, nthawi yomwe onse amaima pamzere kuonetsa zipewa ndi nsapato, ndinasiya bulashi n'kupita kutsogolo. Ndinadziwa kuti mawu andithawanso, choncho ndinangopereka kalatayo kwa abwana n'kuloza ndi chala.

Anawerenga mizere ingapo, n'kundibwezera. Anati, "Tsiku lija ndinakufunsa pamaso pa anthu awa. Werenga wekha, amve."

Ndinawerenga, Amayi. Za chimfundo, za mpini wa tsache, za thabwa lothetsera makwinya. Ndinawerenga ndi paja ndinadzitama kuti palibe angadziwe kuti inamangikapo. Aka kanali koyamba kuti ambiri a iwo amve mawu anga. Nditamaliza ndinaipinda kalatayo.

Abwana anati, "Kusakuuza za mfundo ndi kulakwa kwanga, ndipo ndikalemba choncho. Kumasula unamasula chifukwa sunadziwe. Koma miyezi inayi iyi ndi yako."

Chimtali anatuluka m'chipatala, koma zala sizipindika bwino, ndiye anamuika pakatebulo kapageti pomwe pankakhala amalume. Masana ndinapita kukaima patsogolo pake. Sananditchule Namanyazi. Anati, "Za manjawa ndikanakukhululukira tsiku lomwelo. Mwinanso ndikanakuseka nazo mpaka ukalamba. Koma ine ndinagona m'chipatala ndikumunena mdala uja mumtima. Ndipo iwe unamuona akudzitsegulira geti." Foni inalira, anaikanikiza ndi phewa, ine ndinachokapo.

Abwana alembera akuluakulu. Ndinawapempha kuti amalume abwerere, ndinapempha mokweza, kawiri. Anati zimenezo sizitheka. Mapepala anasainidwa, papampu anaikapo kale munthu wina, ndipo pa msinkhu wawo salembanso munthu kachiwiri. Chomwe chisinthe ndi kalata ija yonena kuti amaiwala. Aichotsa, alemba ina, ndipo idzafika kumeneko ndi chidindo. Ndikanayankhula mu Epulo, bwenzi lero ali pagalimoto. Ndikanayankhula mu Meyi pansanja paja, bwenzi sanasaine.

Ine ntchito ithera kumapeto kwa mwezi uno. Amayi, ndikudziwa kuti mankhwala a m'maso ndi denga zinkachokera pamenepa. Ndifunafuna ina, yochapa kapena yosesa. Ndikalephera ndibwera, ngati pakhomo mundilandire. Ndatumiza mabotolo awiri kuti akufikitseni patsogolo.

Tsopano ndiyankhule ndi inu, amalume.

Simunaiwale. Sinali paipi ya chaka china. Inali nambala 27, tsiku la moto wa kumatayala, ndipo mfundo inali chakumapeto, kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pamutu wachitsulo. Munamanga ndinu, ndinamasula ndine. Tsiku lija pansanja munandidikira kuti ndiyankhule, ine n'kukufunsani za tiyi.

Sindikupempha kuti mundiyankhe. Magolovesi anu ndibweza ndi dalaivala wa basi, sindinawavalepo. Chomwe ndikupempha n'chakuti mukatenge makiyi aja kutchalitchi, ndipo mukamangirira mbuzi musamaitanenso azakhali. Mfundo yanu inanditengera theka la ola ndi mpini wa tsache. Chikhadabo chomwe inandithyola changomaliza kumera sabata yatha.

Ine mwana wa mlongo wanu.